Nakumanzere wa Basi Yopanda Denga

Mumzinda wina wa m'mphepete mwa nyanja muli basi imodzi yachikasu, yosanjikizana, yopanda denga, yomwe imanyamuka pabwalo la wotchi yaikulu naini koloko m'mawa uliwonse kukazunguliza alendo. Imatsika ndi msewu wa mashopu, n'kukhotera kudoko, n'kutsata gombe mpaka kunsanja ya nyali yowongolera sitima, kenaka n'kubwerera chakumtunda. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, amene ankaima kutsogolo kwa mipando yapamwamba, maikolofoni ili m'manja, anali mayi wina wamfupi, wojintcha, wa mawu omveka ngati belu. Dzina lake lenileni linkapezeka pa kakhadi kapachifuwa basi. Mzinda wonse, kuyambira apolisi apamsewu mpaka amayi opala nsomba kumsika, unkamutchula kuti Nakumanzere.

Sanabadwire kunyanja ayi. Anabwera ali mtsikana, atakwatiwa ndi mwana wa mumzindamo, mwamuna wofatsa amene ankasita nsalu m'chipinda chapansi cha hotela ina yaikulu. Tsiku loyamba kuiona nyanja yamchere, anatapa madzi m'manja, kulawa, n'kulavula.

"Madzi onsewa, osamweka ndi dontho lomwe?" anafunsa.

"Si akumwa amenewo," anatero mwamuna wake. "Ndi oonera. Anthu amachokera kutali kudzangowayang'ana."

Nakumanzere anaganiza kuti akumunamiza.

Ankakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa njanji, pamodzi ndi apongozi ake aakazi. Apongoziwo anali atapala nsomba kumsika wa kudoko moyo wawo wonse, mpaka zala zinapindika. Miyendo itakana, ankakhala pampando pakhomo, ndipo mpongozi wawo akamawasambitsa kapena kuwapesa, pakamwa pawo sipankatseka. Ankadziwa amene anasenza miyala yomangira khoma la kudoko, ankadziwa chaka chimene mafunde analowa m'msika n'kubweza nsomba kwawo, ankadziwa kuti hotela ina yoyera inamangidwa pomwe kale panali khola la abulu. Nakumanzere ankangoyankha kuti "Eya, mayi," osadziwa kuti akusunga chuma.

Ana awiri atabadwa, anapeza ntchito kukampani ya basi ija, yotsuka. Ankalawirira ndi ndowa, mopu ndi majombo a mphira, kukolopa masitepe, kupukuta mipando yonyowa ndi mame a mchere, kutola mapepala a maswiti. Popeza alendo akatsika kugombe ankabwerera ndi mchenga kumapazi, akampaniyo ankamutenga pa ulendo uliwonse kuti azisesa basi ikaima. Malo ake anali pa sitepe yachitatu, tsache lili pamiyendo. Pamwamba pankalankhula bambo wina wovala taye, amene anzake ankamutchula kuti a Digiri chifukwa sankamaliza chiganizo osakumbutsa anthu za maphunziro ake. A Digiri ankadziwa zaka ndi mayina a akuluakulu, ndipo ankazinena mofanana tsiku lililonse, ngakhale pokhosomola pamene. Zaka zisanu ndi zinayi akumva mawu omwewo kawiri patsiku, Nakumanzere anayamba kuwalankhula chamumtima, nthawi zina kuwatsogolera.

Lolemba lina a Digiri sanabwere. Anali atapeza ntchito kwina, osatsanzika. Basi inali yodzaza ndi alendo ochokera mu sitima yaikulu imene inakocheza m'mawa womwewo. A manijala, mnyamata wa suti yothina, ankangozungulira pabwalopo foni ili kukhutu, thukuta lili kamukamu. Dalaivala, bambo wa ndevu zaimvi amene ankadziwika kuti a Hutala chifukwa chokonda kuliza hutala popatsa moni aliyense, anatulutsa mutu pawindo.

"Bwana, apatseni mayiwa. Amadziwa zonse. Ndimawamva akamakolopa."

"Otsukawa?"

"Nanga muli ndi wina m'thumbamo?"

Nakumanzere anakana, akubisa manja kumbuyo. A Hutala anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mlongo wanga, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Kwerani."

Anakwera, majombo ali kuphazi. Anatenga maikolofoni n'kuyamba kulankhula. Vuto linabwera basi itafika kugombe. Iye anaima moyang'anana ndi alendo, choncho dzanja lake lamanja linali kumanzere kwawo, ndipo zimenezi palibe anamuuzapo.

"Kumanja kwanuko," anatero molimba mtima, "mukuona chinthu chokongola kwambiri mumzinda muno, chimene mwayendera ulendo wautali wonsewu."

Mitu makumi anayi inatembenukira kumanja, makamera ali m'mwamba. Kumeneko kunali chimbudzi cha onse, ndi galu atagona pakhomo pake. Nyanja inali kumbuyo kwa makosi awo.

Hutala inalira. "Kumanzere, mayi! Kumanzere!" anakuwa a Hutala kuchokera pansi.

Alendo anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Nakumanzere analakalaka basi itang'ambika kuti alowe pansi, koma anangonena kuti, "Chimenechonso n'chofunika, muchikumbukire pobwerera." Kuseka kunawonjezeka. Kuchokera pamenepo, akangoti "kumanja", basi yonse inkayankha pamodzi kuti "Kumanzere!" Pofika masana dzina linali litamata, ndipo a manijala anamuuza kuti mawa asabwere ndi majombo.

Mwezi woyamba ankangobwereza za a Digiri. Kenaka tsiku lina, basi itaima pamzere wa magalimoto pafupi ndi khoma la kudoko, mawu oloweza anamuthera. Anthu akumuyang'ana. Anakumbukira apongozi ake, n'kuyamba kufotokoza za amayi amene ankasenza miyala ya khomalo pamutu kuchokera kuphiri, ana ali kumbuyo, ndi mmene mmodzi wa iwo anadinda phazi lake pa simenti yaiwisi kuti zidzukulu zidzadziwe kuti anagwirapo ntchito. Analoza pomwe panali phazilo. Alendo anatsika kukaliona, ndipo ena anavula nsapato kuyesa ngati likuwakwana.

Kuyambira pamenepo ulendo unasintha. Zaka ndi mayina a akuluakulu sanazitaye, koma pakati pake ankalowetsapo anthu wamba: wometa amene anameta asilikali a mbali zonse ziwiri za nkhondo ina yakale, osadula khutu la aliyense, ndi woyang'anira nyali ya kunsanja amene ankaopa madzi moti sanakwerepo boti. Anaphunzira kupereka moni m'zinenero khumi ndi chimodzi, kuphunzitsidwa ndi alendo omwewo. Ankadziwa mlendo amene mseru wamugwira asananene, ankadziwa mwamuna ndi mkazi amene akangana kuhotela, ndipo ankawakhazika mbali ya nyanja. Bodza sankalifuna. Mlendo wina wa magalasi atamutsutsa pa chaka chimene mlatho wa mumzindamo unamangidwa, sanakangane naye. Loweruka lake anapita kulaibulale, anapeza kuti mlendoyo ndiye ankanena zoona, a Digiri analakwitsa ndi zaka khumi. Madzulo ake anakasiya kakalata kuhotela ya mlendoyo, komuthokoza.

"Munthuyo akupita mawa, mukudzivutitsiranji?" anafunsa a Hutala.

"Safunsa anadya phula, achimwene. Ine ndadya phula zaka zitatu, ndikudyetsanso alendo."

Chaka chilichonse, mphepo ikayamba kuomba kuchokera kunyanja, mzinda unkachita chikondwerero cha makaiti. Gombe lonse linkadzaza. Kumwamba kunkakhala nsomba za nsalu, njoka zazitali ngati sitima yapamtunda, mbalame zamitundumitundu, ndipo pansi magulu a malipenga ankayenda mumsewu. Imeneyo inali sabata yotopetsa kwambiri pa basi ija. Chaka cha khumi ndi chinayi cha ntchito yake, kutatsala masabata awiri kuti chikondwerero chiyambe, a manijala anamuitana mu ofesi.

"Lachinayi la chikondwerero basi yam'mawa yatengedwa yonse," anatero akuyang'ana pa kompyuta. "Anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, a bungwe la anthu osaona, ochokera m'tauni ina yakumtunda."

"Osaona?"

"Osaona. Muzingolankhula monga mwa masiku onse. Mwinanso ikhala yophweka, palibe wopempha kuima kuti ajambule."

Nakumanzere anatuluka mutu ukulemera. Ntchito yake yonse inali kuuza anthu koyang'ana. Madzulo, mwamuna wake akuthira mafuta m'manja mwake mouma ndi nthunzi ya simbi, anamufotokozera.

"Ndikawaonetsa chiyani, bambo? Ndikati taonani nsanja, taonani makaiti, si kuwanyoza kumeneko?"

Mwamunayo anaganiza kaye, monga ankachitira pa chilichonse. "Ine nsalu ndimaidziwa ndi manja," anatero. "Mutandimanga kumaso, ndikhoza kukuuzani kuti ili ndi pilo la chipinda chodula, ili ndi la chotchipa. Mwina mzindanso uli choncho."

Lamulungu lotsatira anthu a mumsewu wawo anaona zachilendo: Nakumanzere atamanga mpango kumaso, atagwira mkono wa mwamuna wake, akutsetsereka kulowera kudoko. Mnansi wina anafunsa ngati ndi matenda. "Ndi sukulu," anayankha mwamunayo.

Poyamba anachita mantha, phazi lililonse ankaliponda ngati pali dzenje. Koma atadekha, mzinda unayamba kumufikira mwa njira ina. Anazindikira kuti msewu wa mashopu umayamba ndi fungo la buledi, pakati pake khofi, kumapeto kwake chikopa cha nsapato zatsopano. Anamva kuti ukakhota pakona ya banki, mphepo imakumenya patsaya lamanzere ndipo phokoso la magalimoto limagwera kumbuyo. Kudoko zingwe zinkagunda milongoti ya maboti, ngwe ngwe ngwe, ndipo kutali m'madzi kunali belu lolira lokha mafunde akaligwedeza. Zaka zonsezi ankadutsa pamenepo kawiri patsiku, koma belulo anali asanalimvepo. Khoma la kudoko linali lofunda ngati msana wa munthu. Masitepe a kunsanja anawawerenga: zana limodzi ndi khumi ndi anayi, ndipo ya makumi asanu ndi limodzi inali yokumbika pakati. Anabwerera kunyumba bondo litasupuka, atagunda mtengo wa magetsi pamene mwamuna wake ankayang'ana mitengo ya nsapato pawindo la shopu.

"Wotsogolera wake ndinu, anthu atha," anamuuza.

Chotsatira chinali nyumba yosungiramo zinthu zakale, pomwe basi inkaima mphindi makumi awiri. M'menemo munali nangula wamkulu, chiwongolero cha sitima yakale, belu lamkuwa ndi nthiti ya namgumi yaitali kuposa chitseko. Pa chilichonse panali chikwangwani choti osagwira. Woyang'anira nyumbayo, bambo woonda wa makiyi ambiri m'chiuno, anamva pempho lake n'kupukusa mutu.

"Mayi, lamulo ndi lamulo. Thukuta la m'manja limaononga mkuwa."

"Belu limenelo lakhala pansi pa nyanja zaka zingati?"

"Makumi asanu ndi atatu."

"Mchere wa nyanja yonse unalephera, ndiye lithe ndi thukuta la anthu makumi awiri?"

Bamboyo anati iye si wopanga malamulo. Nakumanzere anafunsa amene amapanga. Anamulozera ku ofesi yapamwamba, kwa mayi wamkulu wa nyumbayo, amene tsiku limenelo anali kumsonkhano, mawa lake kumsonkhano, mkuja wake kumsonkhano. Masiku anayi otsatizana, akaweruka, Nakumanzere ankakakhala pabenchi la pakhomo la ofesiyo, chikwama chili pamiyendo. Tsiku lachinayi mayiyo anatuluka n'kunena kuti, "Inu ndiye simutopa. Lowani." Anamvetsera, anafunsa mafunso awiri, n'kulola, bola aliyense asambe m'manja polowa. Nakumanzere anati beseni ndi sopo abweretsa yekha.

Lachinayi lija alendo anafika ndi ndodo zawo zoyera, atagwirana mapewa atatuatatu, akucheza mokweza ngati anthu opita kuukwati. Mtsogoleri wawo anali bambo wamtali wa chipewa, amene onse ankamutchula kuti a Tcheya. Atakhala onse pamwamba, Nakumanzere anapereka moni monga anakonzera, mosamala, akusankha mawu ngati munthu wosankha mpunga. Zinayenda bwino mpaka basi inafika kugombe. Pamenepo lilime linathamanga lokha.

"Taonani kumanzere kwanuko..."

Anadziluma. Kenaka a Tcheya anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kuika dzanja pachipumi ngati wotchinga dzuwa.

"Taona, mayi. Koma ndiye n'kokongola! Amene wavala malaya ofiira uyo ndi m'bale wanu?"

Basi yonse inaphulika ndi phwete. Mayi wina anaseka mpaka ndodo inagwera pansi pa mpando.

"Musadzimange, mayi," anatero a Tcheya kuseka kutachepa. "Ifenso timati tionana mawa. Lankhulani monga mumalankhulira, zotsalazo tisiyireni."

Mtima wa Nakumanzere unakhala pansi. Anapempha a Hutala kuti azimitse injini pakona ya doko, ndipo onse anakhala chete kumvetsera zingwe ndi belu la m'madzi. Bambo wina wachikulire anati akumva maboti ang'onoang'ono ambiri kufupi ndi chinthu chimodzi chachikulu kutali, chong'ung'udza pansipansi. Inali sitima ya alendo, ndipo Nakumanzere anawauza kuti ili ndi nyumba zosanjikizana khumi ndi ziwiri. Sanakhulupirire mpaka a Hutala atalumbira. Anawatsitsa pakhoma, anagwira miyala yofunda, ndipo mmodzimmodzi anaponda m'phazi la pa simenti lija.

Kunyumba ya zinthu zakale, woyang'anira uja anaima pambali nkhope ili gwa, akuonerera manja osambitsidwa akuyenda pa nangula ndi pa nthiti ya namgumi. Anthu awiri anaima motsatana atatambasula manja kuti ayeze nthitiyo. A Tcheya, amene ntchito yawo inali yokonza zoimbira m'matchalitchi, anagogoda belu lamkuwa ndi chala, n'kutchera khutu. Anagogodanso.

"Belu ili ndi long'aluka," anatero.

"Ayi, bambo," anayankha woyang'anira. "Ndalipukuta zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lilibe chilema."

"Bwerani ndi dzanja lanu."

Anamugwira chala n'kuchiyendetsa mkati mwa belu, cham'mwamba, kumene diso silifika. Munalidi mng'alu woonda ngati tsitsi. Woyang'anirayo anagwada, anaunika ndi tochi ya pafoni, n'kuuona ndi maso ake. Kuchokera pamenepo anasintha. Anamasula makiyi ake n'kutsegula kabati yagalasi imene ngakhale Nakumanzere anali asanaionepo yotsegula, n'kuyamba kutulutsa zigoba za nkhono zam'nyanja, kuika m'manja mwa aliyense.

"Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," ananong'ona a Hutala.

Pakati pa alendowo panali mayi wina wochepa thupi, woluka majuzi, amene anabadwa wosaona. Sankalankhula zambiri. Atafika pamchenga, phokoso la malipenga lili kumbuyo, mafunde ali kutsogolo, anagwira mkono wa Nakumanzere.

"Achemwali, ndifunse. Nyanjayi ndi yaikulu bwanji?"

Nakumanzere ankadziwa nambala ya makilomita, anali ataitchula kambirimbiri. Koma anaona kuti pano nambalayo ndi mankhusu. M'malo mwake anamufunsa funso.

"Munayenda maola angati pa basi kubwera kuno?"

"Asanu ndi anayi."

"Mukanakhala kuti mukuyenda pamadzi awa, basi yosaima, usana ndi usiku, sabata ikanatha musanamve fungo la dothi."

Mayiyo anawerama n'kuyamba kumasula nsapato. Anzake atamva, nawonso anavula. Nakumanzere, a Hutala ndi anyamata awiri opulumutsa anthu m'madzi anapanga mzere, ndipo alendo onse analowa mpaka m'mawondo, atagwirana manja. Funde likabwera ankakuwa, likamabwerera n'kumakokolola mchenga pansi pa mapazi awo ankakuwanso kwambiri. A Tcheya chipewa chinawagwera, chinapita.

Zitatero, Nakumanzere anayenda pakati pa oulutsa makaiti, akuwapempha mmodzimmodzi kuti alole alendo ake agwireko zingwe. Ena anakana, poopa kuti makaiti awo odula angawapulumuke. Koma bambo wina wa kaiti yaikulu yooneka ngati nkhanu anavomera, ndipo ena ataona anatsatira. Bamboyo anaika chingwe m'manja mwa mayi woluka uja, manja ake ali pamwamba pa a mayiyo. Chingwe chinakoka, chinanjenjemera, chinafooka, n'kukokanso mwamphamvu mpaka mayiyo anasuntha mapazi awiri.

"Chamoyo!" anakuwa. "Kumwambaku kuli chamoyo!"

"Ndi mphepo, mayi," anatero mwini kaiti.

"Ndikudziwa kuti ndi mphepo. Koma sindinkadziwa kuti imafika kutali choncho."

Mayiyo anapempha bamboyo kuti amasule chingwe china, ndi chinanso, mpaka chonse chinatha pa chopota. Anaima pamenepo nthawi yaitali, nkhope itapenya kumwamba, zala zake zozolowera ulusi zikuwerenga kugwedezeka kulikonse. Nakumanzere anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi kolala ya yunifolomu.

Ulendo wa maola awiri unatenga maola asanu. Atabwerera pabwalo la wotchi, anapeza alendo a ulendo wamasana atabalalika, ndipo a manijala ali pakhomo la ofesi. Foni ya Nakumanzere inali m'chikwama, itaitana kakhumi ndi kawiri.

"Sabata ya chikondwerero! Mukudziwa kuti anthu angati abwerera pano?"

"Ndalakwa, bwana. Ndinayenera kukuuzani kuti tichedwa."

"Basi? Mulibe chonena china?"

"Chonena chilipo, koma kulakwako ndalakwa ndithu."

Anamupatsa kalata yomuchenjeza, yoyamba ndi yomaliza pa ntchito yake yonse, ndipo a Hutala analandiranso yawo. Nakumanzere sanadandaule kwa aliyense. Anaipinda n'kuiika m'chikwama, ndipo mawa lake naini koloko anali pamalo ake.

Patapita mwezi, ku ofesi kunafika phukusi. Munali juzi yabuluu yoluka pamanja, ndi pepala lolimba lodzaza timadontho totupa, lopanda inki ngakhale pang'ono. A manijala analitembenuza uku ndi uku, n'kulipereka kwa mwini wake. Nakumanzere analitenga kupita nalo kusukulu ina ya ana osaona kumapeto kwa mzinda, komwe mphunzitsi wamkazi analiwerenga ndi zala, mokweza. Linali lochokera kwa mayi woluka uja. Linkati juziyo anailuka poyerekeza ndi mkono umene anaugwira kugombe, choncho ngati yathina, wolakwa ndi mkonowo. Linkatinso a Tcheya akufunsa ngati nyanja yabweza chipewa.

Mphunzitsiyo atamaliza anafunsa kuti, "Kodi ulendo umenewu ana athu sangaupite?"

Anaupita. Pambuyo pawo panabwera bungwe lina, kenaka lina la kutsidya kwa nyanja, lomwe linamva kwa a Tcheya. Kampani inaika ulendowo pa ndandanda, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, maola asanu athunthu. Nyumba ya zinthu zakale inakonza tebulo la zinthu zololedwa kugwira, ndi mpopi wosambira m'manja pakhomo. A manijala anafunsidwa mafunso pa wailesi, ndipo anafotokoza bwino kwambiri mmene ganizoli linawafikira. A Hutala atamva anafuna kukaliza hutala pakhomo la wailesiyo, koma Nakumanzere anangoseka.

"Asiyeni, achimwene. Akalitcha lawo ndiye kuti salithetsa."

Zaka zinapita. A Hutala anapuma ntchito, maso atayamba kuchita nkhungu. Mawondo a Nakumanzere nawo anayamba kukangana ndi masitepe a basi, moti ankakwera atagwira chitsulo ndi manja awiri, akupuma pakati. Kampani inamupatsa atsikana awiri oti awaphunzitse. Tsiku loyamba sanawapatse maikolofoni. Anawapatsa tsache, n'kuwauza kuti akhale kumbuyo sabata yathunthu, aziyang'ana alendo osati nyumba. Sabata yachiwiri anawatuma kumsika wa nsomba kukacheza ndi amayi okalamba, aliyense abwere ndi nkhani imodzi imene iye sankaidziwa. Mmodzi anabwera nayo yabodza, yokometsera. Nakumanzere anamutumanso.

Atapuma ntchito, bungwe la a Tcheya linamuitana kuti akacheze kwawo, iye ndi mwamuna wake. Apa m'pamene zinadziwika kuti mayi amene anazunguliza alendo zaka makumi awiri ndi zitatu anali asanapitepo kulikonse kukangoona malo. Anakonzekera sabata yathunthu. Mwamuna wake anasita zovala zonse kawiri, ngakhale mipango ya m'thumba.

Anakwera basi yaikulu m'mawa, Nakumanzere n'kukhala pampando wapawindo. Ola loyamba anakhala phee, manja ali pachikwama. Koma basi itayamba kukwera mapiri, anaona mlatho wachitsulo pamwamba pa chigwa, ndipo anatembenukira kwa mayi wina amene anakhala kutsidya kwa kanjira kapakati, akusenda lalanje.

"Mlatho umenewu, mayi, ukuoneka kuti unamangidwa nthawi imodzi ndi wa kwathu. Taonani misomali yakeyo. Amene anaumanga ayenera kuti..."

Mwamuna wake anamugwira bondo.

"Amayi, lero ndinu mlendo. Khalani chete, ena akuuzeni."

Anakhala chete mpaka pa siteji yotsatira. Pamenepo anafunsa kondakitala dzina la phiri limene linali patsogolo, ndipo kondakitalayo atati sakudziwa, Nakumanzere anadzuka, anagwira chitsulo, n'kuyamba kufunsa apaulendo mpando ndi mpando. Wachisanu ndi chiwiri, gogo wina wonyamula nkhuku m'dengu, ankalidziwa, ndipo ankadziwanso chifukwa chake linatchedwa choncho. Nakumanzere anamupempha kuti asunthe pang'ono, anakhala pambali pake, ndipo mwamuna wake anayenda maola onse otsalawo yekha, mpando wapawindo uli wake.